Kuchoka pa CNA kupita pa LPN: amene munadutsamo tiuzeni zoona

Make Tadala:
Moni nonse apagulu. Pepani ndabwera ndi nkhani yaitali usiku uno. Ndakhala ndikugwira ntchito ya CNA, yothandizira manesi kusamalira odwala, ku nursing home (nyumba yosamalira okalamba) kuno ku South Bend kwa zaka ndithu, ndipo msana wayamba kudandaula. Ndikufuna ndikachite LPN, unesi wa gawo loyamba wokhala ndi laisensi. Kuntchito wina anandiuza kuti pali sukulu zoti munthu wa CNA amamaliza pa miyezi 6 yokha chifukwa amamuwerengera zaka zomwe wagwira. Kodi ndi zoona? Ndipo amene munadutsamo, munkakwanitsa bwanji sukulu ndi ntchito pamodzi? Ndili ndi ana awiri, lendi, komanso kumudzi kuli mayi ndi ana asukulu amene maso awo ali pa ine. Musandinyengerere, ndiuzeni mmene zilili.

Anti NaPhiri:
Make Tadala, mwachita bwino kufunsa musanalipire munthu aliyense. Za miyezi 6 zo iwalani. Sukulu ya LPN, imene amati practical nursing, imatenga chaka chathunthu ngati mukuphunzira tsiku lililonse, ndipo ya madzulo kapena ya Loweruka ndi Lamlungu imafika chaka ndi theka kapena kupitirira. Satifiketi yanu ya CNA imakuthandizani pakhomo polowera: masukulu ena amaifuna munthu asanalembetse, ena amawonjezera mapointi posankha ophunzira, ena amakukhululukirani kosi imodzi yoyambirira. Koma za mankhwala, za matenda a akuluakulu, za amayi oyembekezera ndi za ana, zonsezo mudzazikhalira pansi ngati wina aliyense. Kumbukirani kuti CNA ya kuno ku Indiana ndi maola 105 basi, 30 m'kalasi ndi 75 pa odwala. Lamulo la dziko lonse limangofuna maola 75. Palibe sukulu yolongosoka imene ingatenge maola amenewo n'kudula nawo theka la chaka.

Make Tadala:
Zikomo anti. Ndiye zaka zonsezi ndikusambitsa ndi kutembenuza anthu zangopita pachabe?

Anti NaPhiri:
Ayi mwanawe, sizinapite pachabe. Tsiku loyamba la clinical, maphunziro a pa odwala enieni, mudzaona anzanu achichepere akunjenjemera pongofuna kusintha thewera la agogo, inu mutamaliza kale mukupukuta m'manja. Mumadziwa kuyang'ana khungu, mumadziwa munthu akasintha kapumidwe, mumadziwa kulankhula ndi wodwala dementia amene wakana kudya. Zimenezo buku siliphunzitsa msanga. Koma pa pepala, chaka ndi chaka basi.

Mbewe RN:
Ine ndifunse mosiyana. Bwanji LPN? Alongo, ngati mwaganiza zobwerera kusukulu, pitani pa RN, unesi wa gawo loposa LPN, kamodzin'kamodzi. Associate degree ya unamwino ndi zaka ziwiri mukamaliza makosi oyambirira, ndipo makosi oyambirirawo ambiri ndi omwewo: anatomy ndi physiology, Chingerezi cholemba, psychology. Ziwerengero za boma za 2023 zinkaonetsa kuti malipiro apakatikati a nursing assistant (CNA) ndi pafupifupi madola 38,000 pachaka, a LPN 59,730, a RN 86,070. Onani pamene pali mpata waukulu. Komanso ntchito zambiri za LPN zili ku nursing home, ku home health ndi m'makiliniki. Ngati maloto anu ndi chipatala chachikulu, ICU kapena kumalo ochilira amayi, LPN sikufikitsani kumeneko mosavuta. Ndaona anthu ambiri akunena kuti ndiyambe LPN kenako ndidzapitiriza, lero zaka zadutsa akadali pomwepo chifukwa ndalama itayamba kulowa sukulu inaiwalika.

Anti NaPhiri:
Achimwene a Mbewe, zonse mwanenazo ndi zoona, koma inu munaphunzira mulibe mwana ndi mmodzi yemwe, mukukhala kwa amalume anu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mayi wa ana awiri angathe kumanga lamba chaka chimodzi. Zaka zitatu, kuphatikiza makosi oyambirira ndi kudikira kuti asankhidwe, banja limagwa. Ndipo amene amagwa pakati pa RN amatuluka opanda kanthu m'manja, kungotsala ndi ngongole. Wa LPN akamaliza ali ndi laisensi, malipiro akwera, ndiye sukulu ya LPN kupita RN amaichita akudya ndalama ya unesi. Amene anaima pa LPN mukuwanenawo, ena anaima mwadala. Ine ndine mmodzi wa iwo, ndipo ana anga anaphunzira ndi ndalama imeneyi.

Mbewe RN:
Sindikunyoza LPN anti, musandimve molakwa. Ndikungoti asankhe maso ali otsegula. Ngati atenge njira yanuyo, asankhe sukulu imene makosi ake adzawerengedwe akadzafuna RN. Pali masukulu ena apulaiveti okwera mtengo kwambiri, umamaliza bwinobwino n'kupeza laisensi, koma ukapita ku koleji ina amakuuza kuti anatomy yako sakuidziwa, uyambirenso.

Anti NaPhiri:
Apo tagwirizana.

Nachisale:
Ine ndili m'kati mwa sukulu imeneyi panopa, ndiye ndikuuzeni za moto womwe ndikuwotha. Achemwali, chimene chimagwetsa anthu athu si mutu ayi. Ndi mashifiti. Tinazolowera kuti ukamva kuti kwasowa munthu umati ndilipo, dabulo (mashifiti awiri motsatizana) Lachisanu, dabulo Loweruka. Kusukulu ya unesi zimenezo sizitheka. Clinical imayamba mbandakucha, cha m'ma 6:30 uli kale pa wodi ndi yunifolomu, ndipo ukajomba kangapo amakuchotsa, alibe nazo ntchito kuti unagwira usiku. Mayeso amabwera pafupifupi sabata iliyonse. Kwathu kuno ukapeza pansi pa 70 yakutiyakuti ndiye kuti walephera kosi, palibe zoti ndakhoza ndi 50 ngati ku sekondale. Mnzanga wina wa ku West Africa ankachokera ku shifiti ya usiku n'kulunjika m'kalasi, khofi m'manja. Anali wanzeru kuposa tonse. Anagwa pharmacology ndi mapointi awiri, ndipo anayenera kudikira kuti kosiyo idzabwerenso.

Ine ndinasiya masiku a m'kati mwa sabata. Ndimagwira Loweruka ndi Lamlungu maola 12, basi. Ndalama inachepa kwambiri, koma ndikukhoza.

Make Tadala:
Eeh. Loweruka ndi Lamlungu basi? Bambo a Tadala amagwira ku fakitale ya ma RV (magalimoto ogonamo) ku Elkhart, ndipo mukudziwa mmene ntchito ya kumeneko ilili. Lero ovataimu yambiri, mawa akuti bwerani masiku anayi okha. Ine ndi amene ndimatseka mabowo ndi madabulo angawa.

Che Jafali:
Ndiye bambowo ayambe kuphika nsima ndi kuchapa, chaka chimodzi sangafe 😂

Nachisale:
Mukuseka Che Jafali koma nkhani yake ndi imeneyo. Amene ali pabanja, sukulu iyi mumalembetsa awiri. Wina m'kalasi, wina kunyumba.

Che Jafali:
Chabwino, ndiyankhule zenizeni tsopano. Ine ndinamva kuti ku Florida kuli masukulu oti zambiri umachita pa intaneti, umapitako kamodzi kapena kawiri, pepala limatuluka msanga n'kukalemba mayeso a boma. Pali m'bale wina anandipatsa nambala ya munthu wothandiza. Komanso akuti ku California munthu wa CNA amalemba mayeso popanda kupita kusukulu. Ngati alipo akufuna nambalayo andipeze kumbali.

Admin:
Che Jafali, ndi ulemu wonse, nambala imeneyo isaponyedwe pagulu pano, ndipo musaipereke kumbali komwe.

Mbewe RN:
Achimwene, simunamve za Operation Nightingale? Mu January 2023 boma la America linalengeza kuti lagwira anthu amene ankagulitsa madipuloma abodza a unamwino kudzera m'masukulu atatu a ku Florida. Mapepala oposa 7,600, a RN ndi a LPN omwe, ndipo munthu ankalipira madola 10,000 mpaka 15,000 pa pepala limodzi. Ogula ambiri anali anthu ngati ife tomwe, obwera, ogwira kale ntchito ya CNA kapena LPN, otopa, ofuna njira yachidule. Ena analembadi NCLEX, mayeso opezera laisensi ya unesi, n'kukhoza, n'kuyamba ntchito. Nkhani itaphulika, mabodi a unamwino m'ma state osiyanasiyana anayamba kuwalanda malaisensi mmodzimmodzi. Ndalama inapita, ntchito inatha, dzina linalowa m'kaundula woti aliyense angathe kuliona. Ndipo kwa munthu amene mapepala ake okhalira m'dziko muno sanamalizike, nkhani ya chinyengo si yoseweretsa.

Sindikunena kuti sukulu iliyonse ya ku Florida ndi yabodza. Ndikunena kuti unesi sauphunzira pa foni. Sukulu ikakuuzani kuti clinical si yofunika, kapena kuti adzakulemberani maola, thawani. Musanalipire kalikonse lowani pa webusaiti ya board of nursing ya state imene sukuluyo ili, muone ngati ili pa mndandanda wa masukulu ovomerezeka. Muonenso kuti ophunzira ake amakhoza bwanji NCLEX, chifukwa mabodi amasindikiza zimenezo. Ikakhalanso ndi chivomerezo cha ACEN, bungwe lounika masukulu a unamwino, ndiye bwino koposa, makamaka kwa amene mudzafune kupitiriza.

Anti NaPhiri:
Za California zo zili ndi kachoonadi kake, koma osati mmene amazifotokozera m'mabreak room. Kumeneko, ngati ku Texas, LPN amamutcha LVN. Bodi yawo imalola munthu kulemba mayeso ngati ali ndi miyezi 51 ya ntchito yolipidwa yosamalira odwala ogonekedwa, yotsimikizidwa ndi amene anamulemba ntchito, kuphatikizamo masabata angapo kwa ana ndi kwa amayi, komanso kosi ya pharmacology ya maola 54. Miyezi 51 ndi zaka zinayi ndi miyezi itatu. Ndiye vuto lake ndi ili: laisensi yopezeka mwanjira imeneyi ma state ambiri saivomereza chifukwa sunamalize sukulu yovomerezeka. Umakhala womangika ku California. Munthu wa ku South Bend sizimuthandiza.

Che Jafali:
Ndamva akuluakulu. Nambala ndafufuta.

Bambo a Dalitso:
Tiyeni tikambe za ndalama, poti ndi pamene pagona nkhani ya Make Tadala. Choyamba lembani FAFSA, fomu yopemphera thandizo la boma pa fizi, ndi yaulere. Amene muli ndi green card, amene ndinu nzika, kapena amene asylum yanu inavomerezedwa, mungathe kupeza Pell Grant, imene si ngongole. Zaka zapitazi yokwera kwambiri inali madola 7,395 pachaka, koma zimatengera ndalama zimene banja limapeza. Apa pali kamsampha: FAFSA imayang'ana msonkho wa zaka ziwiri zapitazo, ndiye madabulo onse aja amakuonetsani ngati munthu wolemera. Ngati ndalama zanu zatsika chifukwa mwachepetsa ntchito, pitani ku ofesi ya financial aid mukafotokoze, ali ndi mphamvu younikanso. Amene muli pa viza ya sukulu ya F-1, Pell si yanu.

Chachiwiri, pitani ku WorkOne, ofesi ya boma yothandiza ofuna ntchito, mukafunse za thandizo la maphunziro la WIOA. Anthu athu ambiri amaganiza kuti kumeneko ndi kwa amene achotsedwa ntchito okha.

Chachitatu, funsani kuntchito kwanu. Ma nursing home ambiri akusowa manesi, ndiye amalipirira CNA wawo sukulu. Lamulo la msonkho limalola bwana kukulipirirani mpaka madola 5,250 pachaka osadulidwa msonkho. Koma werengani pepala musanasaine. Kawirikawiri amafuna kuti mukamaliza muwagwirire chaka kapena zaka ziwiri, ndipo mukachoka msanga kapena mukalephera sukulu, mubweze.

NaJere:
Pa mfundo yomalizayo ndiikirepo umboni. Ine malo ena anandilipirira, ndinasaina mosangalala. Nditapeza laisensi anandiika pa malipiro otsika kuposa manesi atsopano amene ankabwera kuchokera kunja, chifukwa ankadziwa kuti sindingachoke. Ndinapirira mpaka nthawi itakwana. Ndiye funsani kuti malipiro a LPN mukamaliza adzakhala angati, ndipo alembe papepala lomwelo. Funsaninso ngati adzakusinthireni mashifiti nthawi ya clinical. Kukulipirira fizi koma n'kumakukaniza tsiku la clinical, n'chimodzimodzi osakuthandiza.

Make Tadala:
Izi ndiye sindikanaziganiza. Nanga kumudzi ndiwauza chiyani? Mayi amadalira ine pa feteleza, ndipo mwana wa achemwali anga ali Fomu 3 ku sukulu yogonera komweko.

Anti NaPhiri:
Muwauze zoona, ndipo muwauze msanga, osati mwezi umene ndalama yasowa. Imbani foni, osalemba meseji. Nenani kuti amayi, chaka chamawa ndikupita kusukulu ya unamwino, ndalama idzachepa, koma feteleza ndi fizi ya mwana ndaziika padera. Zinazo, za maukwati, za zinkhoswe, za msuweni amene akufuna mpamba wa bizinesi, ziyambe zaima. Makolo athu sukulu amailemekeza. Mukanena kuti unamwino, mayi anu adzakhala oyamba kuuza anthu kutchalitchi. Amene adzadandaule ndi ena aja amene sanakuberekeni.

Ndipo musayambe sukulu chaka chomwe mukumanga nyumba ku Area 49 kapena ku Chileka. Ndaona anthu akufuna kukhoma malata ndi kulemba pharmacology mwezi umodzi. Chimodzi chimagwa, ndipo kawirikawiri si nyumba.

Bambo a Dalitso:
Ndiwonjezere. Amene muli m'chipereganyu, pemphani anzanu kuti mulandire mwezi woyamba sukulu. Fizi si ndalama yokhayo. Pali mabuku, yunifolomu, nsapato, stethoscope, kupimidwa mkodzo, kufufuzidwa mbiri ya milandu, khadi la CPR, mafuta opitira ku clinical imene mwina ili tauni ina. Zing'onozing'ono zimenezi zimabwera nthawi imodzi.

Nachisale:
Pa zopimidwazo ndikuchenjezeni chinthu chimene chimatikhudza ife obadwira ku Malawi. Tonse tinabayidwa BCG tili makanda, kachipsera kali pamkono. Ndiye akakupimani TB ndi kajakisoni kapakhungu kaja, pamatha kutupa ngakhale mulibe matenda, kenako amakutumizani ku X-ray, masiku akupita. Ngati sukulu ikulola, pemphani kupimidwa kwa magazi, QuantiFERON kapena T-Spot, chifukwa BCG siisokoneza. Komanso adzafuna umboni wa katemera wa chikuku, hepatitis B, katsabola ndi ena. Ndani mwa ife ali ndi khadi lake la kusikelo? Langa mayi anati linadyedwa ndi chiswe kalekale. Njira yake ndi kupimitsa magazi kuti aone ngati chitetezo chilipo, ngati palibe mubayitsenso. Hepatitis B ya jakisoni zitatu imatenga miyezi 6 kuti ithe, ndiye musadikire kalata yoti mwasankhidwa.

Make Tadala:
Hepatitis B ndinabayitsa polowa ntchito, mwayi. Nanga TEAS imene ndimaimvayo ndi yovuta bwanji? Ine masamu ndinasiyana nawo pa MSCE.

Nachisale:
TEAS ndi mayeso olowera, masukulu ambiri kuphatikizapo koleji ya Ivy Tech ya kuno ku Indiana amaifuna, ena amafuna HESI. Ili ndi mafunso 170 pa mphindi 209, magawo anayi: kuwerenga, masamu, sayansi, ndi Chingerezi. Masamu ake si oopsa, ndi ma fraction, ma percentage, ma ratio, kusintha miyezo. Chimene chimatipweteka ife ndi liwiro la kuwerenga, chifukwa timawerenga mofatsa kuti timvetse, nthawi n'kutha. Ndi sayansi, imene mbali yaikulu ndi thupi la munthu. Langizo langa: yambani mwachita kosi ya anatomy ndi physiology, kenako mulembe TEAS zinthu zikadali m'mutu.

Masamu a mankhwala m'kati mwa sukulu ndi awa: dokotala walemba 250 mg, botolo likuti 125 mg pa 5 mL, mupereka zingati? 10 mL. Kapena mwana akulemera mapaundi 44, mugawe ndi 2.2, ndi makilogalamu 20, ndiye muwerengere mlingo pa kilogalamu. Ngati mumatha kuwerengera kuti madola 300 ndi makwacha angati pa reti ya lero kuchotsapo ya wotumiza, izi simungalephere. Kusiyana kwake n'kwakuti pa mayeso a masamu a mankhwala masukulu ambiri amafuna 90 kapena kuposa, chifukwa kadontho kamodzi kakasochera, 1.0 n'kukhala 10, munthu amafa.

Mbewe RN:
Ndipo za MSCE zo muyambe lero. Sukulu idzafuna umboni woti munamaliza sekondale, ndipo satifiketi ya MANEB kawirikawiri amati ipite kaye ku bungwe lounika mapepala akunja, monga WES kapena ECE. Funsani sukuluyo kuti imavomereza bungwe liti musanalipire. Ngati satifiketi inatayika kapena zikuchedwa kwambiri, ena amangolemba GED kapena HiSET konkuno n'kuthana nazo.

WakuZomba:
Pepani akuluakulu ndilowerere. Ine ndangofika kumene. Kwathu ndinali Nurse Midwife Technician, ndinaphunzira zaka zitatu ku koleji ya CHAM ndipo ndagwira ntchito pa health centre, kubereketsa amayi usiku ndekha ndi tochi. Kuno akundiuza kuti ndiyambe CNA. Kodi ndiyeneradi kubwerera kusukulu ya LPN kuyambira pachiyambi?

Anti NaPhiri:
Takulandirani mwana wanga. Musathamangire kulipira sukulu. Inu nkhani yanu ndi yosiyana ndi ya Make Tadala, chifukwa ndinu namwino wophunzira kunja. Njira yanu ndi kupempha board of nursing ya state imene mukukhala kuti ikuloleni kulemba mayeso ndi maphunziro a kwanu. Adzafuna kuti mapepala anu aunikidwe, nthawi zambiri ndi bungwe lounika mapepala a anamwino akunja lotchedwa TruMerit (kale linkatchedwa CGFNS). Koleji yanu itumize yokha transcript yoonetsa maola a m'kalasi ndi a pa wodi pa gawo lililonse, ndipo a Nurses and Midwives Council of Malawi atsimikize kuti munalembetsedwa. Mapepala odutsa m'manja mwanu salandira. Bodi ndi imene idzanene ngati maphunziro anu akukwana pa LPN kapena pa RN, kapena ngati pali gawo loti mukawonjezere, ndipo ena amafunanso mayeso a Chingerezi. Pezani m'bale wodalirika kumudzi woti azikayendera mapepalawo ndi miyendo, chifukwa imelo yokha imachedwa. CNA gwirani kuti mudye pamene mukudikira, si manyazi. Ambiri tinayambira pomwepo.

WakuZomba:
Zikomo kwambiri amayi. Mtima wakhala pansi.

NaBanda ku Leeds:
Ine ndikuwerenga kuchokera ku UK, ndinalowa gulu lino kudzera kwa achemwali anga. Kuno LPN kulibe. Chofanana nacho ndi nursing associate, imene inayamba kulembetsedwa ndi NMC, bungwe la anamwino la kuno, mu 2019, ndipo ndi ya ku England kokha. Ndi zaka ziwiri, ambiri amaichita ngati apprenticeship, ukugwira ntchito ukulipidwa, kenako ungathe kuwonjezera kuti ukhale registered nurse. Koma ife amene tinabwera pa viza ya care timamangika kwa amene anatipatsa sponsorship, ndipo thandizo la apprenticeship limafuna kuti ukhale utakhala kuno zaka zitatu. Ndiye anzathu a ku America amene muli ndi green card, mwayi muli nawowo musaugonere.

NaJere:
Ndibwerere kwa Make Tadala. Palibe amene wakuuzani za ntchito yeniyeniyo. Musaganize kuti LPN ndi kukhala pa desiki. Msana umapumulako, inde, koma mutu supuma. Mmawa umalandira makiyi a ngolo ya mankhwala, ndipo musanasiyane ndi nesi wa usiku mumawerenga limodzi mankhwala oletsa ululu aja otsekeredwa kawiri, khadi ndi khadi, piritsi ndi piritsi, wina akuwerenga buku wina akuyang'ana mankhwala, n'kusaina nonse. Likasowa limodzi palibe amene akupita kunyumba. Kenako shuga wa anthu onse a insulin asanadye kadzutsa, mankhwala a anthu oposa 20 pa nthawi yake, wina amameza pokhapokha uwaphwanye n'kusakaniza ndi applesauce, wina amadyera pa chubu cha m'mimba, wina wagwa kubafa ndiye uyimbire dokotala, uyimbire abale ake, ulembe lipoti. Mabala, ma catheter, ndi kulemba kosatha. Ukalakwitsa, laisensi ndi yako, si ya bwana.

Ndipo china chimene chinandipweteka ine: anzako a CNA amene unkadya nawo limodzi, tsopano ndiwe wowauza kuti chipinda chakuti sichinasinthidwe. Ena amayamba kukuyankha kuti wayamba kudzimva. Achimalawi anzako ndiye amaposa. Ngati n'kotheka, mukapeza laisensi pemphani holo ina kapena shifiti ina.

Anti NaPhiri:
NaJere wanena zoona. Ndiwonjezere kuti LPN amagwira ntchito pansi pa RN kapena dokotala. Kuunika koyamba kwa wodwala watsopano ndi kukonza dongosolo la chisamaliro ndi za RN, ndipo za ma IV zimasiyana state ndi state. Ku nursing home usiku mudzapezeka kuti nesi m'holo yonse ndinu nokha, ndiye mudziwe pamene malire anu athera, ndipo musachite manyazi kudzutsa munthu pa foni.

Make Tadala, ngati mukufuna kulawa kaye, kuno ku Indiana kuli QMA. CNA amene wagwira maola 1,000 amachita kosi ya maola 100 n'kuyamba kugawa mankhwala ena moyang'aniridwa ndi nesi. Malipiro amakwerako pang'ono, msana umapuma, ndipo mayina a mankhwala amayamba kukhala m'mutu musanakumane nawo m'kalasi. Koma isakuchedwetseni. Ena amakhazikika pamenepo.

Mbewe RN:
Za mayeso omaliza, poti palibe wazifotokoza. NCLEX-PN mumalembera pa kompyuta ku Pearson VUE, kulembetsa ndi madola 200 kuphatikiza ya bodi ya state. Mafunso ndi pakati pa 85 ndi 150, nthawi ndi maola 5, ndipo kompyuta imasankha funso lotsatira potengera mmene mwayankhira lapitalo. Kuyambira April 2023 muli nkhani za odwala zoti muwerenge, muone zizindikiro, musankhe chochita. Mukalephera mumadikira masiku 45.

Chimene chimagwetsa anthu amene agwira CNA nthawi yaitali ndi ichi: amayankha mmene zimachitikira kuntchito, kumene anthu ndi ochepa ndipo aliyense amadula njira. Mayeso amafuna mmene buku likunenera, ngati kuti muli ndi nthawi yonse ndi zipangizo zonse. Komanso CNA anazolowera kuti chikachitika, yankho ndi kukaitana nesi. Pa mayeso nesiyo ndinu. Akakupatsani odwala anayi n'kufunsa woyamba kumuona, si amene akukuwa kwambiri, ndi amene kapumidwe kake kasintha. Chizolowezi chimenechi chimafuna mafunso oyeserera ambiri kuti chichoke.

Chinanso chabwino: Indiana ili mu Nurse Licensure Compact kuyambira 2020, ndiye mungathe kupempha laisensi yogwira ntchito m'ma state ena a mgwirizanowu. Koma amene mumawoloka kukagwira ku Niles, fufuzani kaye za Michigan, chifukwa pamene ine ndinkayang'ana inali isanalowe.

Make Tadala:
Abale inu, zikomo. Ndawerenga zonse kawiri pa break. Ndaganiza motere: teremu ikubwerayi nditenge anatomy yokha ndikugwirabe ntchito, ndione ngati mutu ukugwirabe. Madabulo a chaka chino ndisunge m'malo momwaza. Za RN achimwene a Mbewe ndazimva, ndisankha sukulu imene makosi ake amasamuka, koma panopa ndiyambe ndi LPN. Mayi ndiwaimbira Lamlungu. Bambo a Tadala ndiye ndikambirana nawo akadya, asanayatse mpira.

Che Jafali:
Muwauze kuti ine ndidzawaphunzitsa kuphika nyemba 😂

Mbewe RN:
Anatomy musaitenge mopepuka alongo, giredi yake imawerengedwa posankha. C amakulowetsani m'mavuto, limbanani ndi A kapena B. Mukafika pa mtima ndi impso mundiuze, ndimathandiza anthu Lachiwiri madzulo.

Make Tadala:
Ndidzabwera. Alipo ali ndi buku la TEAS loti andibwereke?

Nachisale:
Langa lilipo, la TEAS 7, koma ndinalembalemba ndi pensulo m'gawo la masamu, mudzafufuta. Ndibwera nalo kutchalitchi. Mukandisowa ndiye kuti ndili pa shifiti, ndidzasiyira Anti NaPhiri.

WakuZomba:
Achemwali akamaliza nalo ndibwerekeko inenso, mwina bodi idzati ndiwonjezere sukulu.

Nachisale:
Palibe vuto, koma libwerere. Mng'ono wanga akulifunanso chaka chamawa.